Ndikudwazika mnzanga kuchipatala, sakudziwa kuti winayu tinaika kale. Ndimuuze?

Wa pa Tsoka:

Abale ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Ndikulemba izi ndili pakhonde la wodi ya azibambo, nthawi ili cha m'ma 2 usiku, tulo palibe.

Tinali anthu atatu m'nyumba imodzi ku Chinsapo, zaka zinayi tikusonkherana lendi, mbaula imodzi, chilichonse pamodzi. Maina sinditchula, wina ndizingoti Mkulu poti amatiposa zaka, winayo Mfana. Ine ndimagulitsa kaunjika pa Tsoka, Mkulu amayendetsa kabaza wa njinga yamoto ya bwana wina wake, Mfana anali telala pakhonde cha ku Bwalo la Njobvu. Masabata awiri apitawo Loweruka anatengana awiriwa kupita kwawo kwa Mfana ku Mitundu kukatenga chimanga, pobwera kunja kutada anakumana ndi galimoto yoyaka nyali imodzi, Mkulu nkumayesa njinga inzake, mmene amazindikira kuti ndi galimoto zinali zitatha kale. Helemeti inali imodzi, anavala ndi Mkulu.

Mfana sanafike naye kuchipatala. Tinakamuika Lolemba ku Mitundu konko, ine ndinapita mmamawa madzulo nkubwereranso kuno dothi la kumanda lili kunsapato, poti Mkulu analibe wina womuyang'anira. Kwawo ndi ku Thyolo, mayi ake ndi okalamba, achemwali ake ali ndi khanda. Nde gadiyani ndine.

Mkulu fupa la ntchafu linathyoka, nthiti ziwirinso, masiku awiri oyambawo samadziwa olo komwe ali. Anamulowetsa kachitsulo mmunsi mwa bondo nkumangirira zolemera kumiyendo kwa bedi zomukoka mwendo, sangadzuke, sangatembenuke, kusamba ndi ine, bedipani ndi ine, munthu amene tinkangochita naye zibwana pa bawo pano ndikumupukuta ngati mwana. Izo sindikudandaula ayi. Vuto ndi ili: atangotsitsimuka funso loyamba linali loti Mfana ali kuti, ine ndinachita mantha ndinangoti ali wodi ina. Achemwali ake pafoni anati chonde musamuuze mpaka atuluke, angatifere. Nde bodza lija lakhala likukula, ndinadzati anamutulutsa ali kumudzi akuchira, kenako ndinati foni yake inasweka pangozi paja, foni ya Mkuluyo ndinaibisa m'chikwama changa ndikumati ili kupolisi. Yangayi akandibwereka ndimati mulibe moto.

Dzulo anthu a kutchalitchi anamubweretsera kabotolo ka chiponde, iye akuti "theka umusungire Mfana, amachikonda uja." Kenako akuti ndikangotuluka muno choyamba ndikugula helemeti yachiwiri, mwana uja ndamuvulazitsa. Ndinanamizira kukatunga madzi nkukalirira kuseri.

Kunyumba nako sikukulowedwa. Ndikapita kukasamba ndimapeza mutu wa mashini ake uli pakona mmene anausiyira, tepi yoyezera ili pa msomali, pali mayunifomu anayi a ana asukulu odula kale osasoka, eni ake akubwerabe kudzafunsa. Ine sindinalire bwinobwino maliro amenewa, kumanda ndinachoka anthu asanasambe nkomwe m'manja, ndipo ndikakhala ndi Mkulu ndimayenera kumaseka.

Ndimuuze kapena ndimvere achemwali ake? Akuti pabedipa akhalapo masabata enanso anayi kapena kuposa. Komanso pamwamba pa matako payamba kufiira, amene munadwazikapo munthu wa chonchi mumatani?

NaPhiri wa ku 25:

Pepani mwana wanga, pepani kwambiri. Ndawerenga mpaka ndaika foni pansi kaye.

Zimenezi zinandichitikira ine ndemwe. Bambo akunyumba anagonekedwa nthawi ina, ali momwemo apongozi anga aakazi, mayi awo, anatisiya kumudzi. Akubanja anakhala pansi nkugwirizana kuti asamve, ine monga mkazi ndinangomvera. Tinabisa masabata atatu. Tsiku lina kunabwera mayi wina wa kumpingo kudzazonda, sanauzidwe kuti pali chinsinsi, wangofika wagwada pambali pa bedi nkuti "pepani bambo ndi zovuta zija, ifetu sitinakwanitse kufika kumudzi." Mwana wanga, nkhope imene anandiyang'ana nayo tsiku limenelo sindidzaiwala. Anatha masiku osandiyankhula, ndikawapatsa phala amalandira koma maso ali kukhoma. Atachira anandiuza kuti imfa ya mayi anailandira, anali okalamba, chimene chinawapweteka nchoti tonse timabwera nkumaseka nawo tikudziwa, akuti munandiyesa mwana.

Mu wodi mulibe chinsinsi. Magadiyani amacheza kumpopi, kumalo ophikira, wina anamva kale nkhani yanuyo ndipo tsiku lina adzalankhula mosadziwa. Nde ine ndikuti auzidwe, koma osati ndi inu nokha. Kwathu kuno uthenga wa maliro sanyamula mnyamata yekha, mumatenga munthu wamkulu. Pezani mkulu wa mpingo amene amamudziwa, kapena wina wamkulu wa kwa malemuwo ngati mitima yawo ili pansi. Achemwali akewo muwaimbirenso, musawadumphe, muwafotokozere kuti anthu ozonda achuluka simungathenso kutseka pakamwa aliyense. Mupite mmawa atadya kale, osati madzulo, usiku wa kuchipatala ndi wautali. Anamwino muwadziwitse kaye. Ndipo wolankhulayo asazungulire kwambiri, mawu oti "zinavuta" awamve msanga, kenako mukhale chete mumusiye alire, musayambe zomuuza kuti limba mtima nthawi yomweyo.

Inunso mulire naye pamenepo. Maliro nkulirana, inu mwakhala mukulira kuseri ngati mwaba.

Rasi wa ku Kauma:

Amwene ine ndiyankhula zosiyana ndi amayiwa, mundikhululukire. Musamuuze pano. Munthu ali chagada, sangadzuke, sangapite kumanda, sangapite olo panja kukapuma mphepo, nde mumupatse nkhani imeneyo azingoyang'ana nayo kudenga mwezi wathunthu? Komanso woyendetsa anali iyeyo, helemeti anavala iyeyo, mukuganiza mmutu mwake muzidzayenda chani. Kunjaku munthu ukamva zovuta umayenda, umapita pa siwa, umaona anthu, zimaphwa pang'onopang'ono, pabedi paja palibe kothawira.

China, inu si m'bale wake. Achemwali ake anena kale kuti ayi. Mukamuuza nkudzachitika kanthu, olo BP kungokwera, mlandu wonse udzakhala wanu, adzaiwala zoti mumamutayira bedipani. Anthu timawadziwa. Pirirani masabata anayiwo, mwapirira kale awiri.

Namwino wopuma:

Pepani achimwene. Ndiyambe ndi za pamsanazo poti zimenezo sizidikira.

Kufiirako ndi chiyambi cha chilonda cha pabedi, chimabwera chifukwa fupa likukanikiza khungu malo amodzi nthawi yaitali magazi osayenda. Mawa lomwe muwaonetse anamwino a mu wodimo, musadikire kuti pachite kutumbuka. Musamapatikite pofiirapo, anthu ambiri amalakwitsa pamenepa poganiza kuti akuthandiza. Chofunika ndi kupachotsa kulemera pafupipafupi, maola awiri aliwonse, usiku womwe. Munthu wokokedwa mwendo sitimutembenuza ngati odwala ena, koma atha kupinda mwendo wabwinowo, kuponda pabedi nkudzikweza pang'ono inu mukumuthandiza, afunseni a fiziyo akuonetseni kagwiridwe kake poti nthitizo nazo zikupweteka. Nsalu yogonera ikhale youma ndi yowongoka, nyenyeswa za buledi kapena khwinya la chitenje zimakwana kuyambitsa chilonda. Zidendene muziziyang'ananso.

Zolemera zija zizilendewera, zisagunde pansi kapena kutsamira bedi, ndipo musamazichotse olo akudandaule bwanji. Magadiyani ena amazinyamula usiku pomvera chisoni m'bale wawo, mapeto ake fupa limalumikizana mokhota mwendo nkufupika. Pamene palowa kachitsulopo pakayamba mafinya, fungo kapena thupi kutentha, nenani. Katumba akatupa nkumapweteka, kapena akayamba kubanika mwadzidzidzi ndi kumva kuwawa pachifuwa, thamangani mukaitane anamwino nthawi yomweyo olo pakati pa usiku, magazi amatha kuundana m'mitsempha munthu akagona nthawi yaitali. Azigwedeza zala ndi phazi kangapo patsiku. Za nthitizo, azipuma mokoka mpweya kwambiri ndi kutsokomola atakumbatira pilo, zimawawa koma akamaopa kutsokomola chibayo chimalowa.

Chakudya musavutike ndi zodula. Usipa, bonya, nyemba, soya, dzira mukapeza, chiponde chija muzithira m'phala, masamba, madzi ambiri. Kugona chagada ndi mankhwala ena opha ululu zimamanga m'mimba, papaya amathandiza. Ngati amasuta asiye, fodya amachedwetsa fupa kugwirana. Ndipo konzekani mtima, fupa la ntchafu ndi lalikulu kuposa onse m'thupi, akamumasula pabedipo si kuti wachira, pali ndodo ndi mafizo miyezi ingapo asanaponde bwinobwino.

Tsopano za kumuuza. A Rasi nkhawa yanu ndaimva ndipo si yopanda pake, koma pa zaka zomwe ndinagwira ntchito zimene zinkativuta kwambiri ndi odwala omva mwangozi, kwa gadiyani wa bedi loyandikana kapena pa foni, alibe womugwira dzanja. Uthenga woipa sulekanitsa fupa. Chokhacho, poti mwati masiku awiri oyamba samadziwa komwe ali, funsani adokotala pa raundi ngati mutu uli bwino tsopano moti atha kulandira nkhani yolemera. Akavomera, chitani mmene anenera a NaPhiri. Akamva, masiku otsatirawo mukhale tcheru: kulira ndi kukhala chete nzachibadwa, koma akayamba kukaniratu chakudya, kapena mawu oti bola ndikanafa ndine, palibe chokhalira, musawatenge ngati nkhambakamwa, auzeni achipatala, ndipo mapilisi asamakhale pomwe angafikire yekha. Aphungu alipo, a St John of God ali ku Lilongwe konko osati ku Mzuzu kokha. Inunso mutha kupitako, si za amisala zokha ayi.

Kabaza 47:

Pepani akulu, ife a njinga nkhani ngati izi zimatilasa pamtima, nyali imodzi ija yatipweteka ambiri.

Pali chimene simunachiganize. Pangozi pakafa munthu apolisi a trafiki sangatseke fayilo osamva mbali ya woyendetsa, nde tsiku lililonse atha kutulukira pabedipo kudzatenga sitetimenti, ndipo wapolisi sadzayamba ndi kufunsa kuti kodi wodwalayu munamuuza, adzangoti tabwera pa nkhani ya ngozi imene munafa uje. Nde za masabata anayi a Rasi iwalani, mulibe nthawi imeneyo. Bwana wa njinga nayenso akhoza kufika ndi ukali wake wofuna kudziwa za njinga yake nkungoziponya.

Zinazi ndi za mapepala, panopa muziona ngati zosafunika koma mudzazifuna. Nambala ya galimoto ija muisunge, lipoti la apolisi mudzalitenge, buku lake la kuchipatala, ma ekisire, malisiti a chilichonse mwagula, zonse muike mu jumbo imodzi. Galimoto iliyonse pamsewu lamulo limati ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene yawavulaza, nde ngati wolakwa apezeke kuti ndi wagalimotoyo pali poyambira, kwa Mkulu komanso kwa akubanja la malemu. Zimatenga nthawi, ndipo nkhani ya laisensi ndi mapepala a njingayo idzafunsidwa, musadabwe. Mwini galimoto akabwera ndi kandalama mu envulopu ndi pepala loti musaine kuti nkhani yatha, musasaine, Mkulunso asasaine ali pabedi. Ndipo pamabwera anthu ena m'mawodi ovala bwino omati tikuthandizani kutenga chipukuta misozi, chenjerani nawo, funsani kaye kwa odziwa malamulo.

Pa siteji imene amaima mwapitako? Ife pathu mnzathu akagwa timasonkha tsiku ndi tsiku kangachepe, ndipo timasinthana kukagona kuchipatala. Mwina anzakewo akungoyesa kuti zonse zili bwino poti inu simunapemphe. Pitani mukaonane ndi tcheyamani wawo. Komanso kwa malemu kuja, olo munapita pa maliro, pakufunika wina apite mmalo mwa Mkulu ndi kachipepeso, asamaoneke ngati wangoti zii. Anthu akumudzi amaziwerenga zimenezo.

Mtchona wa ku Joni:

Ine za kuuza kapena kusauza anena kale anzangawa. Ndikufuna ndifunse za inuyo, mwagona liti pabedi? Geni yanu pa Tsoka akuyang'anira ndani, lendi ya mwezi uno mulipira bwanji poti osonkha munali atatu pano mwatsala nokha?

Kuno tinataya mnzathu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, tinasonkha ndalama thupi nkulikweza ulendo wa kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi ku Mwanza, ine sindinathe kuperekeza chifukwa cha mapepala, maliro ndinaonera pa WhatsApp. Ndinkati ndine mwamuna ndalimba, ndikugwira ntchito bwinobwino, patatha miyezi iwiri ndinapeza mswachi wake wa m'mano m'kapu pawindo basi ndinakhala pansi osadzukanso tsiku lonse. Nde mashini ali pakonawo ndikuwamva. Musafulumire kuwachotsa ngati simunakonzeke, koma musawagulitsenso kapena kupatsa munthu, amenewo ndi a kubanja, adzabwere okha adzatenge pamaso pa mboni. Pezani munthu mmodzi yekha woti azikulandirani olo masiku awiri pa sabata mukagone kunyumba. Mukagwa inuyo odwala akhala awiri gadiyani palibe.

Rasi wa ku Kauma:

Za apolisizo sindinaziganize, pamenepo ndagonja. Koma achemwali akewo avomere kaye ndi pakamwa pawo, ine pokhapo sindisuntha.

Wa pa Tsoka:

Zikomo nonse, ndinawerenga zonse kungoti ndinalibe mphamvu zoyankha. Amayi a NaPhiri, ndinachita mmene munanenera.

Achemwali ake poyamba anakana, anati inu mukufuna mutiphere munthu. Ndinapempha anamwino ena achikulire a mu wodimu kuti alankhule nawo pafoni yanga, analankhulana nthawi yaitali mpaka mayunitsi kutha, pamapeto anati chabwino koma ine ndisakhale pafoni, sindingathe. Adokotala nawo anati mutu uli bwino. Lachitatu ndinakwera minibasi kupita ku Mitundu, ndinkaopa kuti akandithamangitsa, koma amalume ake a Mfana anandilandira, anati ife timadabwa kuti mnzakeyo bwanji sakutumiza olo mawu, kani simunamuuze. Anavomera kubwera okha.

Anafika Lachinayi cha m'ma 9 atavala jekete lawo la kutchalitchi, atanyamula nthochi m'kajumbo. Mkulu atangowaona pakhomo la wodi nkhope inasintha, anayamba kunjenjemera milomo asanalankhule kanthu. Amalume anakhala pampando, anamufunsa mmene wadzukira, kenako anati mwana wanga, mnzako uja zinavuta tsiku lomwe lija, tinamuika Lolemba. Analira mokuwa abale, ndi nthiti zothyokazo, wodi yonse inangoti chete, gadiyani wa bedi la pafupi anabwera kudzamugwira mapewa kuti asagwedeze mwendo. Amangoti ndamupha ine, ndamupha ine, helemeti ndikanamupatsa. Amalume anamusiya alire kaye, kenako anati ife kubanja sitinakhale pansi nkunena kuti wapha ndiwe, chimanga chimene munadzatenga chija unkanyamulira iyeyo, ukadzayamba kuyenda udzabwere tidzakuonetse pamene wagona.

Atapita amalume ndi pamene zinandivuta ine. Anandifunsa kuti foni yanga ili kuti, ndinaitulutsa m'chikwama nkumupatsa, anaiyang'ana nkundiyang'ana ine, akuti "nde kupolisi kwake nkumeneku?" Akuti ankakayikira ndithu, poti Mfana sakanatha masabata awiri osabwereka foni ya munthu nkumuimbira, koma ankati iwe sungandinamize. Anandiuza kuti choka. Ndinakakhala pakhonde tsiku lonse, nsima ya masana sanadye, yamadzulo sanadye, ndinawauza anamwino monga munanenera a Namwino wopuma ndipo anapita kukacheza naye. Cha m'ma 11 usiku gadiyani mnzanga uja anabwera kudzandikodola kuti akukufunani, ndinalowa, sanandiyang'ane, anangoti bedipani. Ndinamuthandiza, ndinamukweza nkuwongola nsalu, ndikuti ndizituluka anandigwira malaya nkufunsa kuti tinamuveka chani. Ndinamuuza kuti shati yoyera ija anadzisokera yekha pa Khirisimasi. Tinalira awiri mpaka wina bedi la kutsogolo anayamba kuimba nyimbo ya maliro chapansipansi.

Lero ndi Loweruka, wadya phala theka, salankhula kwambiri, nane sanandikhululukire kwenikweni ndikuona, akumandiyankha mawu amodziamodzi. A Rasi zina munanena zija nzoona, akumangoyang'ana kudenga nthawi yaitali ndipo zikundiopsa, aphungu akuti abwera Lolemba. Apolisi anabweradi dzulo masana monga munanenera a Kabaza 47, tsiku limodzi lokha chimuuzireni, ndikaganiza ndimachita kuzizidwa. Pofiira paja sipanatumbuke, tikumukweza maola awiri aliwonse, ndinatchera alamu pafoni.

Ku siteji ndinapita, anyamata anasonkha kandalama ndipo mmodzi agona kuno lero, ine ndikukagona ku Chinsapo koyamba chichitikireni ngozi, kaya ndikagona kaya ndikangokhala. Mashini amalume akuti adzatenga mwezi ukatha. Chatsala ndi mayunifomu anayi aja, eni ake analipira kale theka ndipo ana akupita kusukulu ndi zovala zakunyumba. Ngati pali amene akudziwa telala wa ku Chinsapo kapena ku Likuni woti angamalizitse pamtengo wachifundo andilembere ku inbox, nsalu ndi zodula kale, miyezo ili m'kope lake, ulusi ndi mabatani ziliponso.